A Mikaele Okalambitsa Magalimoto

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Mikaele ankakhala pachitsa cha mango pafupi ndi khonde, n'kutulutsa kaburashi m'thumba la malaya, n'kukaika mkamwa. Ankakanyambita mosathamanga, akukapotokola ndi zala ziwiri, mpaka nsonga yake ithwe ngati singano. Akatero ankakakweza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Nsongayo ikapanda kuwasangalatsa, kaburashi kankabwereranso mkamwa. N'chifukwa chake milomo yawo inalibe mtundu umodzi. Lero yobiriwira, mawa yofiira psuu ngati adya nyama yaiwisi, mkuja yachikasu. Penti ankaumira m'mbali mwa kamwa, ndipo akaseka ankasweka n'kumayoyokera m'ndevu.

Eluby, mpongozi wawo, ankaziona zimenezi akusesa pabwalo, ndipo tsiku ndi tsiku nseru inkamugwira. Kunena sakananena. Munthu sauza apongozi ake aamuna kuti pukutani pakamwa. Ankangozika maso pansi n'kumasesa malo amodzimodzi mpaka tsache kuyamba kukumba dothi.

A Mikaele anali munthu wa kunjanji. Mphamvu zawo zonse anazithera ku Limbe, akulemba manambala ndi zilembo pamabogi a sitima. Zipani zambiri zitangoyamba, kuntchitoko anachepetsa anthu, iwo n'kupezeka m'gulu la obwerera kumudzi. Kumudziko kunali kwa akazi awo, cha ku Nguludi. Sipanapite nthawi mayiwo anamwalira, ndipo akuchikazi atameta maliro anawasudzula mwaulemu, poti mkamwini ngakhale amere imvi amakhalabe mlendo. Kumene anabadwira kunalibenso wowadziwa, alongo awo onse anali atapita kale. Ndimo mmene anafikira ku Namitambo, kwa mwana wawo Greyson, amenenso anali mkamwini pamudzi wa mkazi wake Eluby. Mlendo kudzapempha pogona kwa mlendo mnzake.

Anafika masana akukankha njinga. Panjingapo panali matumba awiri ndi chitseko chokutidwa ndi chiguduli. A Goliati, malume ake a Eluby, amene anali mwini mbumba pamudzipo, atachiona anagwedeza mutu mokondwa.

"Nkhalamba yaulemu iyi," anatero. "Yabwera ndi chitseko chakechake. Ikhale, tiziona khalidwe lake."

Mawu otsirizawo aliyense anawamva bwino. Malo anali a mbumba ya a Goliati. Tsiku limene a Goliati akanati a Mikaele achoke, nkhalambayo inalibe kwina kolowera.

Chitseko chija sichinali chotsekera nyumba ayi. A Mikaele anachigoneka panjerwa m'kachipinda kamene anawapatsa, n'kuvundukula chiguduli. Pachitsekopo panali Limbe. Njanji inali ya masipoko a njinga, yogonekedwa pamitengo ya machesi. Siteshoni inali ya makatoni, sitima ya zitini za nsomba, mitengo ya zidutswa za siponji. M'mbali mwa njanji munkadutsa msewu wa mchenga womatidwa ndi ulimbo, ndipo pamsewupo panali tigalimoto tachitsulo, tating'ono ngati chala chachikulu cha kumanja. Zonsezo anapanga okha, kupatula tigalimototo. Ito ankachita kusaka.

Masiku a msika ankapita pa Namitambo, n'kugwada pamulu wa zidole za kaunjika pakati pa ana, n'kumafukula ngati nkhuku. Zapulasitiki ankaponyera kumbali. Chimene ankafuna ndi kolemera m'manja, kozizira akakagunditsa padzino. Nthawi zina ankakwera minibasi mpaka ku Limbe, osati kukaona anzawo, koma kukazungulira m'madzala a kuseri kwa nyumba za olemera. Ankabwerako nsapato zikununkha, thumba la jekete litanyowa ndi madzi osadziwika. Tsiku lina anabwera ndi kalole kamene anakavuula m'ngalande, katadzaza matope akuda bii, tinyongolotsi tikuyenda m'kati. Anakatsukira m'chikho chomwera madzi. Atatha anangochikutumula kamodzi n'kuchibwezera pamtsuko. Eluby anadikira kuti alowe m'nyumba, n'kukachiponya kudzala.

Kagalimoto kakafika konyezimira, a Mikaele ankakayang'ana ngati kali ndi mlandu.

"Bambo, kabwinobwino aka, mukufuna kukapala?" anafunsa Greyson tsiku lina.

"Iwe, unaiona kuti galimoto yonyezimira pamsewu wa kuno? Galimoto yoyera ndi bodza. Ndiyenera kuikalambitsa."

Kukalambitsa ndiye anali mawu awo, ndipo ntchito yake inali yaitali. Poyamba ankakaviika m'madzi a soda mpaka penti wakale asupuke ngati khungu la munthu wopsa ndi moto. Kenako ankatenga kasowo ndi tupa, n'kudula denga, n'kufupikitsa mphuno, n'kumanga bodi ya machesi, kuti kafanane ndi magalimoto amene ankawaona pasiteshoni ali mnyamata: malole a Bedifodi, Landirova ya abwana a njanji, basi yamphuno ija inkapita ku Mulanje. Akapaka penti watsopano m'pamene nyansi zinkayamba. Ankapala mwaye kunsi kwa miphika ya Eluby n'kuupaka m'mawindo. Dothi lofiira ankalisakaniza ndi malovu pachikhato, n'kulimata m'matayala. Dzimbiri ankalikanda pakhasu lakutha. Ndiye potsiriza ankatenga kamtengo n'kumatsata nkhuku pabwalo, kudikira kuti ichite chitosi, n'kutapa choyera chapamwamba chokha, n'kudontheza padenga la kagalimoto.

"Pasiteshoni panali nkhunda zambiri," ankatero, ngati wina wawafunsa.

Burashi yopakira zonsezo inali yomwe ija ya mkamwa.

Eluby anali ndi mphika wake wa kalongonda, umene unkakhala pamoto tsiku lathunthu nyemba zake zisanathe kuwawa. Anaupeza tsiku lina kuseri kwa nyumba, muli madzi otuwa ndi tigalimoto titatu tikuwira thovu. Madzulo ake anadandaula kwa mwamuna wake.

"Awuzeni bambo anu."

"Ndiwauze chiyani? Mphika si umatsukika?"

"Inu mudyamo?"

Greyson anangokanda m'mutu n'kutuluka. Anali munthu woti nkhani ikavuta amakumbukira kuti njinga ikufunika kupopa. Mphika uja Eluby anausandutsa womwera abakha.

Chaka chotsatira Eluby anachira mwana wamkazi, n'kumutcha Yamiko. Mchombo utagwa, a Falesi, mayi ake aang'ono amene anamulera, anabwera m'mawa ndi lezala kudzameta mwana kuti atuluke m'chikuta. Tsitsi la Yamiko linali lambiri, lakuda, lofewa ngati thonje. A Falesi analiwolera lonse pakansalu koyera pamodzi ndi kamchombo kouma kaja, n'kumanga mfundo.

"Ili silisiyidwa pambalambanda," anatero. "Tsitsi loyamba likagwera m'manja olakwika, mwana sakula bwino. Wamva?"

Anaika kamfundoko pakhonde n'kupita kuseri kukatenga khasu. Eluby anali m'nyumba akuyamwitsa. Pampata wa chitseko anaona miyendo ya apongozi ake ikudutsa. Inaima. Inawerama pang'ono. Kenako inapitirira.

A Falesi atabwera n'kunyamula kansalu kaja, Eluby anaona kuti mfundo yake yasintha, ndipo pakona panali chidindo cha chala, chobiriwira. Maso a a Falesi anali atayamba kale kuchita nkhungu, sanaone kanthu. Anakakumba paphata pa nthochi kuseri kwa bafa, n'kukwirira, n'kupondaponda. Eluby anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Akanati chiyani? Kuti apongozi agwira zachikuta?

Patapita masiku ochepa, a Mikaele anakhala pachitsa paja ndi burashi yatsopano. Mpini wake unali nthenga ya bakha, ndipo kunsonga kunali kamtolo kakuda, kofewa, komangidwa ndi ulusi. Anakaika mkamwa. Anakanyambita, akukapotokola, maso atatsinzina ngati munthu amene akumva kukoma. Eluby anaponya tsache n'kuthamangira kuseri kwa khola, n'kusanza mpaka m'mimba kutsala mphepo yokha. Kuyambira tsiku limenelo, akamapsompsona pamutu pa mwana wake, ankaona ngati pakumveka fungo la penti ndi malovu.

Mvula itayamba, Yamiko anadwala. Thupi linatentha, kuyamwa anasiya, liwombo linalowa m'kati. Eluby anathamanga naye kuchipatala cha pa Namitambo, kumene anati ndi malungo n'kumupatsa mankhwala. Koma mwana sanadzuke msanga. Kankhope kake kanafota, khungu n'kuchita makwinya.

Sabata yomweyo pikiyapu yofiira ya matola inagubuduzika pamlatho wa panjira ya ku Limbe, anthu n'kuthyoka miyendo. Mayi wina pachitsime anakumbukira kuti anawaona a Mikaele akudula kapikiyapu kofiira ndi sowo, akuimba mluzu. Wina anati usiku m'kachipinda kawo mumamveka kulira kwa sitima. Pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo. A Falesi analowa m'nyumba mwa Eluby, n'kusuzumira mwana, n'kuomba m'manja kamodzi.

"Tamuona nkhopeyi. Mwana wa dzana lomweli angachite makwinya chonchi? Suja amanena okha ndi pakamwa pawo kuti amakalambitsa zinthu? Atha magalimoto, ayamba anthu."

A Goliati anatumiza mawu kuti mawa lake dzuwa likapendeka, mbumba yonse ikumane pabwalo pawo, ndipo a Mikaele abwere. Aliyense ankadziwa kuti munthu akatchulidwa mfiti pabwalo loterolo, mwayi wake ndi kuchoka ndi miyendo yake. Aliyense ankadziwanso kuti wosesa m'kachipinda kaja ndi Eluby, ndipo ndi iye amene adzafunsidwe.

Greyson anati akapopetse njinga kumsika.

Tsiku la bwalolo, masana, Eluby anagoneka mwana n'kupita pakhomo pa kachipinda kaja. Chikwatiwire anali asanayankhulepo ndi apongozi ake mawu opitirira moni. Anagwada pakhomo, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Odi, apongozi."

"Ee, lowani mayi. Koma muyende bwino, mungaponde Bedifodi, ikuuma."

Sanalowe. M'kachipindamo munkatuluka fungo la penti, soda, zitosi ndi thukuta lakale, zonse pamodzi.

"Ndabwera kudzatenga za mwana wanga."

A Mikaele anaseka pang'ono, ngati munthu amene wagwidwa akubudula chigumu.

"Aa, zimene zija? Ndinangotapako pang'ono, mayi. Zochuluka zinapita m'dothi, pano chiswe chinadya kale. Mukudziwa, ubweya wa mbuzi ndi wouma, umakanda penti. Wa mphaka ndinayesa, mphakayo n'kundikanda ine. Wa kumchira kwa gologolo ndiye unali bwino, koma agologolo kuno munawatha. Tsono ubweya uwu! Chibadwire sindinagwirepo ubweya womvera chonchi."

Eluby anatembenuka n'kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Si ubweya. Mwana wanga si nyama. Ndi tsitsi."

"Chabwino, tsitsi. Pepani, tsitsi. Koma taonani chimene lagwira."

Ananyamula basi yamphuno ija pamsewu wa mchenga n'kuibweretsa pafupi ndi nkhope yake. Pamwamba pa galasi lakutsogolo panali zilembo zoyera, chilichonse chochepa kuposa njere ya mpunga, zowongoka ngati zosindikiza: YAMIKO. A Mikaele ankamwetulira, mano ali obiriwira, akudikira kuyamikiridwa. Eluby anaona dzina la mwana wake. Anaonanso kuti pamwamba pa dzinalo, padenga la basi, panali madontho oyera a nkhuku, ndipo limodzi linayenderera mpaka kukhudza chilembo choyamba. Basi yomweyo ndi imene inachokera m'dzala la ku Limbe itakulungidwa m'thewera la mwana wa eni.

"Mwana akudwala," anatero Eluby.

"Malungo amenewo. Udzudzu chaka chino wachita kunyanya. Mupite naye kuchipatala."

"Ndinapita. Anthu akuti ndinu."

"Ine? Ndi burashi?" Anayang'ana kaburashiko, n'kuyang'ana Eluby, ndipo kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Zinaoneka kuti nkhalambayo, ndi zaka zake zonsezo, inali isanaganizepo n'kamodzi komwe kuti tsitsi lingakhale ndi ntchito ina yoposa kupakira penti. "Ndiye mukanena kubwaloko?"

Eluby anatambasula dzanja. A Mikaele, mwachizolowezi, anayamba akanyambita kaye kaburashiko kuti nsonga iwongoke, n'kumupatsa kali konyowa. Anakalandira ndi nsonga ya chitenje, n'kukamangirira m'chiuno.

Pabwalo la a Goliati anthu anadzadza, ena osaitanidwa n'komwe. A Mikaele anakhala pansi pakati, chipewa chili pamaondo. Greyson anabwera mochedwa n'kukhala kumbuyo, akuyang'ana zala zake za kumapazi ngati waziona koyamba. Anayankhula mayi wa pikiyapu uja. Anayankhula wa kulira kwa sitima. A Falesi anayankhula nthawi yaitali, akuloza kumene kunagona mwana. Kenako a Goliati anatembenuka.

"Eluby, mwana wa mlongo wanga, iwe ndiye umasesa m'menemo. Usaope munthu. Unaonamo chiyani?"

Kaburashi kaja kankamubaya m'chiuno. Akanangomasula chitenje n'kukaponya pansi, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo mawa lake pachitsa paja pakanakhala popanda munthu. Mtima wina unkafunadi zimenezo. Koma anawayang'ana a Mikaele, ndevu zili ndi zinyenyeswa za penti, akuphethira ngati nkhuku yonyowa. Anayang'ananso anyamata amene anaima kumbuyo, ena atagwira kale timiyala.

"Ndinaonamo nyansi, malume," anatero motsitsa mawu.

"Kweza mawu. Nyansi zanji?"

"Zitosi za nkhuku. Amachita kuzitsata ndi kamtengo. Malovu amapondera dothi. Zinthu za m'ngalande amatsukira m'chikho chomwera, inu malume munamwerapo chikho choterocho osadziwa. Mphika wanga wa kalongonda pano akumwera abakha." Mawu anayamba kutuluka okha, ngati madzi a mumtsuko wosweka. "Mwaye amapala ndi chikhadabo, chikhadabo chomwecho n'kutolera mbatata m'mbale. Sasamba m'manja. Ufiti ine sindinauonemo. Kaya mfiti zimakhala bwanji, koma sindikhulupirira kuti zingalole kuyenda ndi munthu wauve chonchi. Zikhoza kumubweza panjira kuti akasambe kaye."

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka. Kenako bwalo lonse. A Goliati analavula pambali, akupukuta lilime ndi mkono wa malaya, ndipo zimenezo zinawonjezera phwete. Anyamata aja timiyala tinawagwa m'manja. A Falesi okha ndi amene sanaseke.

"Nanga burashi amanyambita ija? Yakuda ija, yatsopano? Ndi ya chiyani?"

A Mikaele anatsegula pakamwa, ndipo Eluby anaona kuti nkhalamba yopusayo ikufuna kunena zoona, mwinanso kuyamikira kufewa kwake. Anawalanda mawu.

"Ndi ubweya, amayi. Ubweya wa mbuzi."

Mawuwo anamuwawa palilime kuposa kalongonda wosapsa. Masana omwewo anali atawakana m'maso mwa apongozi ake, ndipo tsopano anawatchula yekha pamaso pa mbumba yonse.

A Goliati anagamula kuti a Mikaele akhale, koma chitseko chawo ndi nyansi zake zituluke m'nyumba mmene muli mwana, zipite m'khola lakale la mbuzi. Anthu anabalalika akusekabe. Kwa nthawi yaitali ana a pamudzipo akaona nkhuku ikuchita chitosi ankakuwa kuti, "Agogo, katundu wanu uyu!"

Dzuwa lisanalowe, Eluby anakumba paphata pa nthochi paja n'kukwirira kaburashiko. Anasamba m'manja ndi phulusa mpaka khungu kuwawa. Yamiko anayamba kuyamwa mkuja wake, makwinya n'kutha. Kaya anali mankhwala a kuchipatala, kaya tsitsi kubwerera kwa linzake, Eluby sanafune kuzifukula.

A Mikaele sanathokoze. Kwa mwezi wathunthu sanayankhe moni wake, poti anawayalutsa pagulu. Kenako anayambiranso ngati palibe chinachitika. M'kholamo Limbe anakula, anawonjezera chitseko chachiwiri, n'kumanga mlatho ndi malo omwetsera sitima madzi. M'mawa ankakhalabe pachitsa paja akunyambita burashi, tsopano ya mbuzi yeniyeni, n'kumadandaula mokweza, osayang'ana munthu, kuti zilembo masiku ano zikutuluka zokhota ngati mapazi a bakha. Eluby anawapatulira chikho chawo, mbale yawo ndi beseni lawo, n'kuzidinda ndi moto kuti zisasokonekere. Yamiko atayamba kuyenda, anamuletsa kufika kukhola. Nseru ija sinathe. Inangokhala ngati mnansi woipa amene munthu wazolowera kumupatsa moni.

Patapita zaka, chaka china cha njala chitadutsa, a Mikaele anayamba kudandaula m'mimba. Kunkapotokola mpaka kugwa pachitsa. Nkhama zinada, manja n'kuyamba kulendewera m'mfundo ngati masamba ofota. Greyson anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala cha mishoni ku Nguludi, ndipo kumeneko anawauza kuti asiye kudya penti. Anabwerako akung'ung'udza kuti iwo sadya, amangonyambita. Dzanja litakanikiratu kugwira burashi, ankaipana ndi milomo yokha, youma, n'kumaiyamwa ali chigonere.

Wowasamalira anali Eluby, poti panalibenso wina. Ankawatembenuza, kuwachapira zofunda, kuwapukuta pakamwa. Kansalu kopukutirako kankatuluka ndi mitundu: kufiira, kubiriwira, chikasu cha zaka zapitazo chobisala m'ming'alu ya milomo. Ankakachapa atatembenuzira nkhope kumbali.

Tsiku lawo lomaliza kunali dzuwa lowala bwino. A Goliati ndi a Falesi anabwera kudzazonda, n'kukhala pamphasa pafupi ndi wodwalayo. A Goliati anali atanena kale panja kuti zikavuta, nkhalambayi idzagona m'manda a mbumba yawo, poti yakhalitsa ndipo mlandu inalibe. A Falesi sanatsutse, koma sanavomerenso. Maso awo anali atafooka kwambiri tsopano, makutu okha ndiwo anali akuthwa ngati kale.

A Mikaele anatsegula maso n'kufunafuna mpaka anapeza Eluby.

"Mayi, basi yanga ija."

Eluby anapita kukhola n'kukaitenga, ataigwira ndi nsonga za zala. Anaiika pachifuwa pawo. Nkhalambayo inaiyang'ana nthawi yaitali. Fumbi ndi chinyezi cha m'khola zinali zitadya zilembo zija, kutsala zitatu zokha zooneka.

"Dzina lafufutika," ananong'ona. "Silingapite chonchi. Mundipatse burashi ndikonze. Osati izi zokandazi ayi. Ija yabwino ija, yofewa ija, ya tsi..."

A Falesi anaweramira kutsogolo, khutu atalozetsa kwa wodwalayo.

"Akuti ya chiyani?"

A Mikaele anatembenuza maso pang'onopang'ono. Anawaona a Falesi. Anawaona a Goliati. Anabwerera kwa mpongozi wawo, amene anagwada chogwira kansalu kothimbirira kaja m'manja, n'kumuyang'ana kanthawi. Kenako anatulutsa lilime, n'kunyambita milomo yawo youma ija.

"Ya ubweya," anatero. "Ubweya wa mbuzi. Mundipatse yomweyo, mayi."